Chigumu, Kambuzi kapena Adzatopa: Galu Wanu Mum'tcha Ndani?

Mwezi uno tipumule pang'ono pa nkhani za shuga, kuthamanga kwa magazi ndi madzi akumwa, tikambe za dzina la galu. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti pangodya ya zaumoyo palowa chibwana. Dekhani kaye. Dzina la galu ndi mawu amene mudzakhale mukuwafuula m'mawa ndi madzulo kwa zaka khumi, mwinanso kuposa, ngati galuyo asamalidwa bwino. Ana anu adzakula akuwamva. Anansi anu adzawamva kuseri kwa mpanda. Ndipo tsiku lina galu wanu akadzathamangira mwana wa eni ake amene akupita kusukulu, mawu omwewo ndi amene adzam'bweze, kapena adzalephere kum'bweza.

Kuno ku Nguludi ndi m'midzi yonse ya Chiradzulu agalu alipo ambiri. Amene ali ndi khola la mbuzi, ng'ombe yamkaka kapena dimba la tomato amafuna mlonda wosafunsa malipiro pakutha pa mwezi. Kagalu kakangofika pakhomo, kali m'katoni kapena m'manja mwa mnyamata, ana amathamangira funso limodzi: "Tim'tcha ndani?" Nthawi zambiri dzina limachokera kwa amene wafulumira kutsekula pakamwa, basi n'kukhazikika lomwelo. Pempho langa lero n'lakuti dzinalo mukalifune kukhitchini kapena kudimba, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mayina amene tinawapeza

Agogo athu sankatcha galu dzina mwachisawawa. Galu anali ngati kalata yopita kwa munthu amene sungathe kumuyankha pamaso. Mayi amene wasemphana ndi apongozi kapena mkazi mnzake ankatcha galu wake Adzatopa, Amandida, Ndalakwanji kapena Mudzaona. Ndiye madzulo akatenga mkute n'kuima pakhonde, amvekere: "Adzatopa! Adzatopa!" mudzi wonse unkadziwa nyumba imene mawuwo akupita. Galuyo ankangogwedeza mchira, osadziwa kuti wasanduka mthenga wa mkangano.

Nzeru yake inalipo. Munthu ankatulutsa zakukhosi popanda kutukwana kapena kumenyana, ndipo panalibe wokam'sumira kwa amfumu chifukwa choitana galu wake. Koma tivomerezane kuti chilonda chotere sichipola. Nkhani imene ankhoswe akanaimaliza tsiku limodzi imakhala ndi moyo mpaka galuyo atafa. Mwana amene akukula akuitana "Amandida" kasanu patsiku amaphunzira kuti kunja kwa mpanda kuli adani okhaokha. Ife tinaphunzitsidwa mu Mateyu 18 kuti m'bale akatilakwira tipite kwa iye tikakambirane awiri. Kum'tumizira mawu kudzera mwa galu n'kuzemba ulendo umenewo. Ndipo inu amene mumabwera kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi kutchalitchi mukudziwa kale kuti mtima wosunga mkwiyo sugonetsa tulo.

M'badwo wathu unabwera ndi mayina ena: Tiger, Danger, Poison, Simba, Rambo. Cholinga chake n'kuopseza mbala. Komatu mbala imaopa kuuwa, dzina ilibe nalo ntchito. Amene amanjenjemera akamva "Poison" ndi mwana wa anansi, mlangizi wa zaumoyo amene wabwera kudzaona chimbudzi, ndi mayi wa Dorika amene wabwera kudzazonda odwala. Chinanso, anyamata akam'tcha galu Danger amafunitsitsa kuti dzinalo likwaniritsidwe. Amayamba kum'khwirizira pa aliyense wodutsa, kum'menya, ena mpaka kum'thirira tsabola m'chakudya poganiza kuti alusa bwino. Galu woleredwa chotero sasankha woluma, ndipo amene amakhala naye pafupi tsiku lonse ndi ana anu omwe.

Mayina a kukhitchini ndi kudimba

Kutcha nyama mayina ndi ntchito yakale kwambiri. Genesis 2 amatiuza kuti inali imodzi mwa ntchito zoyamba zimene Adamu anagwira m'munda wa Edene. Choncho palibe manyazi banja kukhala pansi madzulo ena n'kuiganizira bwino.

Dzina la chakudya silinyoza munthu. Palibe angakwiye chifukwa mwafuula "Futali!" pakhonde panu. Mlendo akalimva amamwetulira, ndipo munthu amene akumwetulira sathawa. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa galu amathamangitsa msanga munthu wothawa kusiyana ndi woima chilili. Komanso dzina lotere nthawi zambiri limafotokoza maonekedwe a galuyo, moti akasowa n'kosavuta kufunsa m'mudzi.

Yambani mwamuyang'ana bwinobwino. Ngati ndi wofiirira ngati chotuluka kumene pamoto, alipo Chigumu, Ndasi ndi Chiponde. Woyera akhoza kukhala Chambiko, Mpunga kapena Makaka. Wakuda bii, Jambula. Wamawangamawanga, Nzama kapena Khobwe. Wachikasu, Dzungu, Papaya kapena Uchi. Ena mungafune kutsata khalidwe lake. Kagalu kakang'ono koma kosatha phokoso n'koyenera dzina la Kambuzi, tsabola uja wochepa thupi koma wotulutsa misozi. Wonenepa wokonda kugona pamthunzi ndi Futali kapena Mbatata. Wamtali woonda ndi Nzimbe. Ndipo galu wouma mutu, wofuna kuleza naye mtima, abale athu Achilhomwe ali nalo kale dzina lake: Kalongonda, amene sadyedwa mothamanga koma amafuna kuwiritsa ndi kutaya madzi kangapo.

Chizolowezi chimenechi chilinso kumayiko ena. Ku England ndi ku America kuli agalu ambiri otchedwa Cookie, Peanut ndi Ginger, kutanthauza bisiketi, mtedza ndi jinja. Ku Japan dzina lokondedwa kwambiri ndi Mugi, lomwe ndi tirigu, komanso Azuki, mtundu wa nyemba zofiira. Ku Korea amakonda Dubu, chakudya chopangidwa kuchokera ku soya. Aliyense amatola dzina m'mbale ya kwawo, ndiye ifenso tisachite manyazi ndi nzama zathu.

Palinso phindu lina laling'ono. Adzukulu athu ambiri okulira ku Limbe ndi ku Ndirande sadziwa nzama, chitowe kapena mawere. Akabwera kutchuthi n'kupeza galu wotchedwa Nzama, adzafunsa kuti nzamazo n'chiyani. Pamenepo agogo apeza mpata wowaphikira ndi kuwauza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta ndi zochokera ku nyama.

Musanagamule

Si dzina lililonse la chakudya limene lingagwire ntchito. Taganizirani izi.

Choyamba, likhale lalifupi, lotuluka m'kamwa kamodzi. Pangozi simudzakhala ndi nthawi yofuula "Zitumbuwa". Ngati ana alikonda lalitali, lidulireni: Zitumbuwa akhale Tumbu, Kalongonda akhale Gonda. Samalani ndi Chikondamoyo, chifukwa mukalidula limasanduka Chiko, ndipo pafupifupi m'mudzi uliwonse muli Chikondi amene amaitanidwa chomwecho.

Chachiwiri, pewani zakudya zimene zimatchulidwa pakhomo tsiku lonse, monga nsima, ndiwo, mchere ndi madzi. Galu akamamva dzina lake kakhumi patsiku popanda womufuna, amaleka kulilabadira. Komanso mudzasokoneza alendo. Tangoganizani mwana akuthamangira m'nyumba muli abusa, amvekere: "Amayi, Nsima wagwera m'chitsime!"

Chachitatu, lisafanane ndi mawu amene mudzam'lamulire nawo. Galu samva tanthauzo ngati ife, amagwira kamvekedwe. Phala ndi "khala" kwa iye n'zoyandikana kwambiri, chimodzimodzinso Soya ndi "siya".

Chachinayi, kumbukirani kuti kuno kwathu mayina ena a zakudya ndi mayinanso a mabanja. Alipo a Nandolo, a Nyemba, a Chimanga. Ngati m'mudzi mwanu kapena mumpingo mwanu muli banja la dzina lotere, lisiyeni dzinalo ngakhale likukomereni bwanji. Mungayambitse mlandu umene simunaufune.

Chachisanu chikukhudza ife a Adventist makamaka. Ena amaseka kuti poti galu ali m'gulu la nyama zosadyedwa za mu Levitiko 11, am'patse dzina la chinthu chimene sitidya kapena kumwa: Kachasu, Masese, Khofi, Kapado. Taganizirani dzuwa likulowa Lachisanu, banja lasonkhana kutsekula Sabata, bambo ali panja kufuula "Kachasu!" Choposa pamenepo, ngati mwam'tcha Kapado n'cholinga choti anansi odya nkhumba azimva, ameneyo ndi Adzatopa yemwe uja, wangovala zovala za kutchalitchi. Uthenga wa zaumoyo sulowa m'nyumba ya munthu amene mukum'nyoza.

Ana apatseni mpata wotchula mayina awo, makolo musefe, kenaka mmodzi akaime kumapeto kwa munda alifuule. Ngati likumveka bwino pakhomo ndipo wofuulayo sanachite nalo manyazi, mwalipeza.

Mukalipeza mudzaona kanthu kena m'chilankhulo chathu. Chigumu cha m'mbale timati "chapsa", koma Chigumu wa miyendo inayi timati "wabwera", "wadwala", "ali ndi njala". Pakamwa pathu pomwe pakuvomereza kuti ameneyu ndi wamoyo, ndipo tsopano ndi wa pakhomo pathu. Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira chiweto chake.

Kuti dzina ligwire

Galu sabadwa akudziwa dzina lake. Kum'phunzitsa sikufuna ndalama. Tengani tizidutswa ta chakudya, monga tausipa kapena ta mbatata yophika. Khalani naye pamalo opanda phokoso. Tchulani dzina kamodzi ndi mawu okondwa. Akangokuyang'anani, m'patseni kachidutswa nthawi yomweyo ndi kum'sisita. Bwerezani kasanu kapena kakhumi, musiye asanatope. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo. Pakapita masiku angapo yambani kum'itana muli patali pang'ono, kenaka ali pakati pa masewera, kenaka pali nkhuku zikudutsa.

Malamulo ake ndi awiri. Onse pakhomo agwiritse dzina limodzi. Bambo akamati Chigumu, mayi Gumu, ana Bobi, galuyo sadzadziwa kuti iye ndani. Lachiwiri, lomwe ambiri timaphwanya, n'lakuti musamuitane ndi dzina lake kuti mum'menye. Akaba dzira inu n'kumuitana mokoma, iye n'kubwera, inu n'kum'kwapula, chimene waphunzira n'chakuti kubwera poitanidwa n'koopsa. Mawa mudzafuula mpaka mawu kusasa, iye ali chapatali kukuyang'anani. Dzina lake lizim'kumbutsa zabwino zokhazokha.

M'zoloweretseninso kugwiridwa akali wamng'ono: kum'gwira makutu, miyendo, khosi, kum'veka kachingwe kofewa ndi kuyenda naye pang'ono. Waya ndi lamba wothina zimadula khosi, musagwiritse ntchito. Ntchito imeneyi ana a Pathfinder amaikonda, ndipo pa maphunziro awo lilipo la kasamalidwe ka agalu limene atsogoleri angawathandize kulichita.

Tsiku la katemera

Tsopano tafika pa chifukwa chenicheni chimene nkhaniyi yalowera pangodya ya zaumoyo. Matenda a chiwewe akadalipo pakati pathu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, anayi ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse odwala matendawa amawatenga kwa galu. Kachilombo kake kali m'malovu, kamalowa pabala, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kuubongo. Zizindikiro zimatha kuoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwerapo. Zikangooneka, munthu sachira.

Nkhani yabwino n'njakuti matendawa amapeweka. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, kachilomboka kamasowa kolowera. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto komanso bungwe losamalira nyama la Blantyre SPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Pambuyo pake ntchitoyi inafikanso m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu, ndipo ambiri a inu munawaonapo agalu akubwerera kunyumba atapakidwa utoto pamphumi.

Koma tamvani ichi. Ofufuza atafunsa anthu a mu Blantyre amene sanapite ndi agalu awo kumalo obayira, chifukwa chachikulu chinali chakuti sanamve uthenga. Chifukwa china chachikulu, cha munthu mmodzi mwa asanu alionse, chinali chakuti analephera kum'gwira galu wawo. Katemera analipo, waulere, pasukulu yapafupi, koma galu sanalole. Ameneyu ndi galu amene sanaphunzire dzina lake, amene dzanja la munthu amalidziwa ngati chinthu chogenda mwala. Galu amene amabwera akaitanidwa, mwana wa Sitandade 6 amatha kuyenda naye yekha mpaka pamzere. Ndiye mukaona mayi akuphunzitsa Chigumu dzina lake ndi tiusipa m'manja, dziwani kuti akuteteza ana a mudzi wonse.

Mfundo zina zingapo za katemera. Kagalu kakang'ono ndi galu woyamwitsa musawasiye kunyumba poganiza kuti katemera awapweteka. Pitani nawo, obayawo ndiwo adziwe chochita. Kubayitsa kamodzi sikokwanira moyo wonse, bwerezani nthawi iliyonse akalengeza. Kapepala kamene akupatseni kasungeni pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana, chifukwa tsiku limene galu wanu adzakande mwana wa anansi, kapepala kameneko ndi kamene kadzakhazike mitima pansi. Nthawi zina tsiku lobayira limagwa pa Sabata. Zikatero musangokhala chete n'kudikira chaka chamawa. Funsani msanga kwa amfumu kapena kwa mlangizi wa ziweto ngati pali tsiku lina kapena malo ena apafupi. Atsogoleri a zaumoyo m'mipingo yathu, iyi ndi ntchito yathu: kumva tsikulo lisanafike ndi kulengeza. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur wa ku France, amene m'chaka cha 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pogwiritsa ntchito katemera woyamba wa matendawa. Sabata loyandikana ndi tsikuli ndi nthawi yabwino yophunzitsa mpingo.

Dzina lokoma, mbale yopanda kanthu

N'zomvetsa chisoni kupeza galu wotchedwa Futali nthiti zili pamtunda. Galu wanjala ndi amene amayendayenda m'midzi, kufukula m'maenje a zinyalala, kuba mazira, kulumana ndi agalu osadziwika, n'kubwera nacho chiwewe pakhomo. Musanatenge kagalu dzifunseni ngati mudzathe kukadyetsa mu January ndi February, pamene ufa wachepa m'nyumba. Ngati yankho ndi ayi, dikirani. Ngati muli naye kale ndipo simukufuna ana ake chaka ndi chaka, funsani a zaziweto za kum'fula kapena kum'tseka.

Nsima yokha siikwanira. Galu amafuna zomanga thupi kuposa ife. Mu nsima ya mgaiwa kapena ya madeya sakanizanimo bonya kapena usipa, nyemba zophika bwino, soya, dzira lophika mukakhala nalo, ndi masamba pang'ono. Mabanja amene simudya nyama konse, musam'siye galu pa nsima ndi msuzi wa masamba okha. Muonjezereni nyemba, soya ndi mazira. Akhale ndi mbale yakeyake, yosiyana ndi za anthu, ndi madzi oyera pamthunzi tsiku lonse. Kum'patsa mbale zathu kuti anyambite ndi njira yobweretsera njoka zam'mimba m'banja. Chimbudzi chake chizikwiriridwa, ana azisamba m'manja ndi sopo akatha kusewera naye, ndipo mlangizi wa ziweto akuuzeni za mankhwala a njoka, nkhupakupa ndi utitiri.

Dziwaninso kuti zakudya zina zabwino kwa ife ndi poizoni kwa galu. Anyezi ndi adyo zimaononga magazi ake, choncho gawo lake lipatuleni musanathire anyezi, mchere wambiri ndi tsabola. Chokoleti, tiyi ndi khofi zimathamangitsa mtima wake ndipo zikachuluka zimatha kum'pha. Mphesa, zaziwisi ngakhale zouma zija za m'makeke, zimaononga impso. Mtedza wa makademiya, umene umalimidwa kwa anansi athu ku Thyolo, umam'fooketsa miyendo ndi kum'sanzitsa. Mafupa ophika a nkhuku amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Chitsononkho, nthangala ya mango ndi ya peyala zimatha kutseka matumbo. Chinangwa chowawa chosaviika ndi madzi otaya a kalongonda zisakhale pamene angazipeze. Mankhwala a anthu monga Panado ndi Brufen musam'patse. Ndipo mankhwala a makoswe aja ambiri timawatcha tameki amapha galu, nkhuku ngakhale mwana. Sayenera kupezeka pakhomo pamene pali ana.

Chimodzi chimene timachipeputsa ndi chimanga chachuku. Timati poti anthu sangadye, tipatse galu. M'chaka cha 2024 agalu mazanamazana anafa ku Zambia ndiponso mumzinda wa Blantyre, ndipo anapeza kuti chinawapha ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin amene anali m'chimanga ndi m'madeya. Poizoni ameneyu amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikum'chotsa. Imfa ya agalu aja inali chenjezo kwa ifenso, chifukwa poizoni yemweyo m'chimanga ndi mu mtedza amadwalitsa anthu ndi kupinimbiritsa ana. Madeya onunkha chinyontho, osintha mtundu kapena oundana, atayeni. Chimanga ndi mtedza ziume bwino musanasunge, ndipo matumba asagone pansi penipeni.

Pa Sabata ndi pa misasa

Lamulo la Sabata mu Eksodo 20 limatchulanso ziweto. Pamene mukukonza chakudya cha banja Lachisanu, patulani ndi cha galu. Ambiri timachoka m'mamawa kupita ku Sukulu ya Sabata n'kubwerera dzuwa litapendeka. Galu asatsale womangidwa padzuwa popanda madzi. Nkhani imakula nthawi ya msonkhano wa misasa, pamene banja lonse limachoka kwa masiku angapo. Musananyamule mphasa ndi mapoto, pezani munthu wodalirika amene galuyo amam'dziwa, mum'siyire ufa ndi ndiwo zake. Apanso dzina limathandiza. Mnansi amavomera mosavuta kudyetsa Dzungu amene amabwera akaitanidwa, kusiyana ndi Danger, ndipo sangavomere n'komwe kudyetsa Amandida ngati akudziwa kuti odanawo akunenedwa ndi iyeyo.

Wina akalumidwa

Ngakhale galu woleredwa bwino amatha kuluma akadzidzimuka, akamadya, akamayamwitsa kapena akamamva ululu. Phunzitsani ana kuti galu wa m'nthawi zimenezi asam'yandikire, ndipo galu wachilendo akawathamangira aime chilili, manja atawapinda pachifuwa, osakuwa, osam'yang'ana m'maso. Auzeninso kuti akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale pang'ono, anene msanga ndipo simudzawakalipira. Ana ena amabisa bala poopa chikwapu, makolo n'kudzadziwa nthawi itatha kale.

Zikachitika, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Yang'anani pa wotchi kapena pa foni, chifukwa mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene timaganizira. Musathirepo tsabola, dothi, zitsamba kapena ubweya wa galu wootcha, ndipo musalimange mothina. Kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku St Joseph's kuno ku Nguludi, kuchipatala cha boma ku Chiradzulu, kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi. Dziwitsaninso mlangizi wa ziweto. Akakuyambitsani jakisoni, malizani onse pa masiku amene akulemberani, ngakhale bala litapola.

Ngati galu wolumayo ndi wodziwika, musathamangire kum'pha. Amangidwe pamalo otetezeka, azipatsidwa chakudya ndi madzi, ayang'aniridwe kwa masiku 10. Akakhala wathanzi mpaka masikuwo atatha, ndiye kuti sanali kufalitsa chiwewe pa tsiku limene analuma. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewo ali kunyumba; iye apite kuchipatala tsiku loyamba. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akuluma chilichonse, kapena wangofooka nsagwada ili lende, musam'gwire ndi manja ngakhale ndi wanu. Chotsani ana, itanani a zaziweto.

Ntchito ya mwezi uno

Amene mukuyembekezera kagalu, khalani pansi ndi ana musankhe dzina lalifupi, losanyoza munthu, lochokera m'mbale ya kwathu. Amene muli naye kale Adzatopa kapena Poison, dzina limasinthika ngakhale galu atakula. Njira yake ndi yomwe ija ya tiusipa, ndipo pakatha masabata ochepa adzakhala atalizolowera. Mwinanso tsiku limene mudzasinthe dzinalo ndi labwino kuwoloka mpanda n'kukapereka moni kunyumba kumene mawu aja ankapita. Nonse fufuzani kapepala ka katemera muone tsiku limene galu wanu anabayidwa komaliza, ndipo ngati chaka chatha, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto.

Ambuye akusungeni ndi mabanja anu, pamodzi ndi ziweto zanu zomwe. Tikumanenso pangodya ino mwezi wamawa.